Funso Limene Ahedi Anatola m'Bokosi Langa

1

Ndiyambe ndi kudziikira kumbuyo, chifukwa mukafika kumapeto simundipatsanso mpata. Ine ndine mphunzitsi wa masamu. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikuima kutsogolo kwa ana a sekondale, choko m'manja, ndipo nambala inali isanandichititsepo manyazi. Nambala ilibe ziwalo zobisika. Simera ndevu, sichita chibwenzi, ndipo ukailakwitsa umangofufuta.

Mavuto anga anayamba pamene mphunzitsi wa phunziro la za moyo anasamutsidwa pakati pa teremu. Ana amalitcha phunziro la manyazi, poti ndi mmene amamva za kutha msinkhu, za zibwenzi, za matenda, ndi za mmene mimba imabwerera. Ahedi anatisonkhanitsa ku sitafu n'kufunsa amene angalitenge. Aphunzitsi tonse khumi ndi anayi tinayamba kusirira nsapato zathu.

"Madamu a masamu," anatero ahedi, "inu ndinu mayi wamkulu pano. Ana anayi, mdzukulu mmodzi. Zinthu zimenezi munazidutsa kalekale, munaweruka. Fomu 3 ndi yanu."

Ndikanakana, koma mawu akuti mayi wamkulu anandikomera. Ndinaiwala ndithu kuti mu Fomu 3 momwemo muli mwana wanga womaliza, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, amene aliyense amangomutcha Chitsiriza. Ine ndi iye tinali ndi pangano lathu: kusukulu ndine Madamu, kunyumba ndine amayi.

Tsiku loyamba ndinatsegula buku, ndinaona chithunzi cha pa tsamba loyamba, ndinalitseka. Ana makumi asanu ndi asanu ndi atatu anali phee, kundidikira. Thukuta linatsika ndi msana. Ndinathawira kwathu ku masamu.

"Tiyerekeze kuti mnyamata ndi x," ndinatero, "ndipo mtsikana ndi y."

Mnyamata wina wa kumbuyo anakweza dzanja mwaulemu wonse. "Madamu, tiphatikize kapena tichulukitse?"

Kalasi inafa ndi phwete. Chitsiriza analowetsa mutu m'desiki. Ine ndinawalembera masamu khumi pa bolodi n'kutuluka belu lisanalire.

2

Amuna anga ndi telala. Shopu yawo ndi khonde la nyumba yathu: makina amodzi, benchi, ndi galasi long'aluka pakona. Nditawafotokozera za x ndi y anaseka mpaka singano inagwa pakamwa.

"Madamu," anatero, poti nawonso amanditcha choncho akafuna kundiputa, "kasitomala wamanyazi sanena kuti buluku lathina pati. Amangoloza. Apatseni anawo poloza."

Umu ndi mmene bokosi linabadwira. Inali katoni ya choko, iwo anaikuta ndi zidutswa za nsalu, anaboola kakamwa pamwamba, ine n'kuikapo loko. Ndinaliika pa shelefu kumbuyo kwa kalasi n'kulengeza malamulo. Lemba funso lililonse. Usalembe dzina. Palibe amene adzafufuzidwe, bokosi ili lilibe maso. Lachisanu lililonse ndizitsegula n'kumayankha.

Abale inu, zinayenda. Lachisanu ndinkatsegula loko, kutola timapepala, n'kumawerenga mokweza. Poti funsolo lachokera m'bokosi, pakamwa panga pankamasuka.

"Kodi ziphuphu za kumaso zimatha ukakhala ndi chibwenzi?"

"Sizitha. Umangokhala ndi ziphuphu ndi chibwenzi chomwe."

"Mnyamata akanena kuti ukandikana ndidwala, adwaladi?"

"Sadwala. Akadwala muuze njira ya kuchipatala."

"Kodi n'zoona kuti mtsikana akadumphadumpha satenga mimba?"

"Zikanakhala zoona, bwenzi dziko lonse likudumpha."

Anawo ankaseka, koma ankamva. Ena ankalemba mayankho kumapeto kwa kope mobisa ndi chigongono. Pomaliza phunziro lililonse ndinkawauza mawu amodzimodzi, mpaka anayamba kuwanena pamodzi ndi ine ngati nyimbo: "Ukakhala ndi vuto usabise. Uza munthu wamkulu amene umamukhulupirira."

Mbiri inamveka. Ku sitafu anayamba kunditcha dokotala. Ndinayamba kuyenda mwamatama, chifuwa patsogolo, kiyi wa bokosi ali lende pakhosi. Koma bokosi limenelo linali ndi kanthu kamene ndinkakadziwa ine ndekha, ndipo kameneko mundilole ndikasunge kaye.

3

Ahedi athu ndi munthu wabwino, koma ali mnyamata ankafuna kukhala wapolisi ndipo anawabweza chifukwa cha msinkhu. Chilakolako chimenecho sichinathe. Supuni ikasowa ku sitafu amatiitana mmodzimmodzi. Mu drowa yawo muli galasi lokulitsira zinthu limene analanda ku labu.

Lachisanu la sabata yachisanu ndi chiwiri, ndikungoyamba phunziro, chitseko chinatseguka. Analowa ahedi, pambuyo pawo amayi amene ndi wapampando wa komiti ya makolo, omwe tonse timawatcha a Tcheya. A Tcheya ndi mayi wonenepa bwino, wa mawu a tchalitchi, ndipo phunziro limeneli sanalikonde chiyambire. Ankati likuphunzitsa ana zimene akanazidziwira m'banja.

"Tabwera kudzaona bokosi lotchukali," anatero ahedi. "Lero nditola ndine."

Ndinawapatsa kiyi ndikumwetulira. Anakhuthulira timapepala pa tebulo n'kutiyala. Ndinatiwerenga ndi maso, poti ndi ntchito yanga. Tinali tisanu ndi kamodzi. Lachisanu lililonse tinkakhala tisanu.

Koyamba kanali ka fungo la m'khwapa. Ahedi anawerenga, ine ndinayankha, a Tcheya anavomereza ndi mutu, poti sopo alibe mlandu. Kachiwiri kanali ka mawu a anyamata amene amasweka pakati pa chiganizo. Ahedi anaseka n'kunena kuti awo anasweka ali pa asembule. Kenako anatola kachitatu, kopindidwa kanayi, anakatambasula, anakonza magalasi, n'kuwerenga ndi mawu a pa msonkhano:

"Ndili ndi pakati, miyezi inayi. Sindikudziwa kuti ndiwauza bwanji kunyumba. Anthu andiseka mpaka kufa."

Anyamata anayang'ana atsikana, atsikana anayang'anana mimba. A Tcheya anagwira pamtima ndi manja onse awiri.

"Suja ndinkanena," anatero. "Mwawaphunzitsa, achita."

Ahedi sanakwiye. Nkhope yawo inawala ngati ya munthu amene wadikira basi zaka makumi atatu ndipo yafika. Anapinda kapepalako bwinobwino, anakaika m'thumba la shati, n'kulengeza kuti aliyense asiye makope ake onse pa desiki.

4

Ndinawatsatira ku ofesi ndikuthamanga.

"Ahedi, ndinawalonjeza ana kuti palibe adzafufuzidwe."

"Lonjezo limenelo ndi la ziphuphu, Madamu. Uwu ndi mlandu."

Makope anadzaza tebulo, mipando iwiri ndi pansi pomwe. Ahedi anatulutsa galasi lawo lija n'kuyamba kufananiza zilembo. Zilembo za pakapepalako zinali zopendekera kumbuyo, zonjenjemera, ngati zolembedwa m'minibasi. Sizinafanane ndi za mwana aliyense. Mtima wanga unakhala pansi pang'ono.

Panthawiyi a Tcheya anali atandandalitsa atsikana onse pakhonde. Amati iwo mayi woyembekezera amamudziwa pongomuona pakhosi. Anayenda ndi mzere wonse akusuzumira makosi, ndipo anapeza oyembekezera asanu ndi anayi, kuphatikizapo mayi wophika amene ankangodutsa. Atafika pa ine anandigwira dzanja n'kuti, "Pepani mayi, ana a masiku ano atipha." Pakhosi panga sanayang'anepo.

Lolemba m'mawa ahedi anandiitana. Ndinapeza Chitsiriza ataima pakona ya ofesi, manja kumbuyo. Pa tebulo panali kope limodzi lokha, la masamu, lokutidwa ndi nsalu yotsala ku shopu ya abambo ake.

"Zilembo munthu amasintha," anatero ahedi monyadira. "Koma pepala silinama. Taonani."

Anatsegula kumapeto kwa kopelo, pamene panali masamba ong'ambidwa. Anatenga kapepala kaja n'kukayandikiza. Mano a pong'ambika analumana ndendende, ngati kiyi ndi loko wake.

"Sindinalembe ine," anatero Chitsiriza.

"Kope ndi la ndani?"

"Langa."

"Amaligwira ndani wina?"

Mwana wanga anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanalire, sanapemphe, anangondiyang'ana n'kudikira. Ndipo ine, mayi wake, dokotala wa ku sitafu, ndinakweza maso n'kuyamba kuwerenga kalendala ya pakhoma.

Ahedi analemba kalata. Chitsiriza akhale kaye kunyumba. Lachinayi abwere ndi makolo onse awiri pamaso pa komiti. Zikatsimikizika, amuimitsa sukulu chaka chino, mayeso salemba. Pamene ankatuluka pa geti ndi chikwama chake, mawindo a makalasi onse anali odzaza ndi mitu.

5

Masana amenewo amuna anga anawerenga kalatayo kawiri, n'kutola sizasi yaikulu ija yodulira jinzi.

"Mnyamata wake ndani?"

"Palibe mnyamata, ababa."

"Ndi uja wa njinga yofiira? Ndi wa kwaya uja? Ndi amene anabweretsa buluku lopanda vuto kuti ndimusokere?"

Anatuluka mpaka pa msewu, anayang'ana uku ndi uku, sanapeze womudula, anabwerera. Kenako anamuyang'ana mwanayo ndi diso la ntchito, mutu utapendekeka.

"Koma chiuno ichi sichinasinthe," anatero. "Yunifolomu iyi ndinasoka ndine. Miyezi inayi bwenzi zipi ikulira."

"Ena sizioneka msanga," ndinatero ine. Inde, ndinanena zimenezo ndi pakamwa panga pomwepa.

Lachiwiri kunafika alamu anga, achemwali awo a amuna anga, ndi chikwama cha masiku ambiri. Anakhala pa benchi ya makasitomala n'kuyamba kufotokozera aliyense wobwera kudzayesa zovala kuti kumtundu kwawo zoterezi kulibe, zachokera kuchikazi. Mwana wanga woyamba, mayi wa mdzukulu wanga uja, anaimba foni akulira kuti apongozi ake amva kale.

Chitsiriza sanakangane ndi munthu. Ankasesa, kutsuka mbale, n'kukhala pa mpando wa kukhitchini ndi buku. Chimene anasintha ndi chimodzi.

"Madamu, madzi osamba atentha."

"Kuno ndi kunyumba, iwe."

"Chabwino, Madamu."

M'mawa uliwonse ndinkapeza pa tebulo la kuchipinda kwanga pali mbale ya mandimu odula kale, ndi mchere pambali. Pansi pa tebulopo, beseni lotsuka bwino. Sindinafunse amene ankaziika, ndipo mandimuwo ndinkadya onse.

Lachitatu masana ndinalimba mtima. Ndinapita pakhonde, alamu atapita kumsika, n'kukhala pafupi ndi makina.

"Bambo a ana, pali nkhani."

Anasiya kupalasa. Maso awo anali ofiira. "Ndikudziwa, mayi. Anthu atiseka. Koma bola ife awiri tinakula ndi ulemu wathu. Inu ndi ine palibe angatiloze chala. Mumati chiyani?"

"Ndimati ulusi wakuda watsala pang'ono."

"Ulipo wina mu drowa," anatero, n'kupitiriza kusoka.

6

Lachinayi ofesi ya ahedi inadzaza. Ahedi kuseri kwa tebulo, galasi lawo pambali. A Tcheya ndi abambo awiri a komiti. Amuna anga mu jekete ya ukwati wa mwana wathu woyamba, tepi yoyezera ili pakhosi poti anaiwala kuichotsa. Alamu anga, amene sanaitanidwe. Namwino wa pa chipatala chapafupi, amene a Tcheya anamuitanitsa, atakhala pafupi ndi chitseko ndi kachikwama kake. Chitsiriza anaimikidwa pakati.

Ahedi anafotokoza kafukufuku wawo kwa mphindi makumi awiri, kuyambira pa galasi mpaka pa mano a pepala. Atamaliza a Tcheya anati, "Mwana iwe, vomera, tisataye nthawi."

"Sindinalembe ine."

Sanandiyang'anenso ulendo uno, ndipo chimenecho ndicho chinandiimiritsa.

"Analemba ndine," ndinatero.

Ndinawauza zonse za bokosi. Sabata yoyamba nditatsegula ndinapezamo pepala la switi. Yachiwiri ndinapezamo chithunzi cha ahedi, chojambulidwa bwino ndithu, ali pa mpando miyendo isakufika pansi. Funso ngakhale limodzi munalibe. Ana ankaopa kuonedwa akuponya. Ndiye Lachinayi lililonse masana ndinkakhala pa tebulo la kunyumba, kung'amba tsamba m'kope lililonse limene lili pafupi, n'kulemba mafunso asanu ndi dzanja lamanzere. Lachisanu ndinkalawirira n'kuwaponya m'bokosi. Ziphuphu, m'khwapa, kudumphadumpha, zonsezo zinali zanga. Ndinkadzifunsa ndekha n'kudziyankha ndekha, ndipo anthu ankanditcha dokotala.

Ahedi anandipatsa bolopeni ndi pepala. "Lembani ndi lamanzere."

Ndinalemba. Anaika galasi, anayang'ana uku, anayang'ana uko, ndipo mapewa awo anagwa. "Ndi zomwezi," anatero mwachisoni. "Ndiye kuti palibe woyembekezera?"

Amuna anga anapuma mpweya waukulu. Alamu anayamba kunena kuti iwo ankadziwa kale kuti mwana wa mchimwene wawo sangatero. Ine ndinakhala pansi. Ndinaganiza kuti ndapulumuka ndi theka la choonadi.

"Ayi," anatero a Tcheya. "Ine ndine mayi, ndikudziwa mmene timachitira. Mwana wawauza kunyumba, iwo amulembera, lero akumubisa. Munthu wopeka funso salemba miyezi inayi. Anamwino, mutengeni mukamuyeze."

Namwino anaimirira. Chitsiriza anavula juzi yake, anaipinda, anaipereka kwa abambo ake, n'kuyamba kuyenda kupita kuchitseko. Kunja kwa windo ndinaona mitu ya Fomu 3 yonse itabisala kuseri kwa maluwa, kudikira kumuona akutengedwa.

7

"Musiyeni," ndinatero. "Anamwino, mwayeza kale. Simukundikumbuka?"

Namwino anandiyang'anitsitsa, kenako anagwira pakamwa. Ndinatsegula chikwama changa, ndinapisa pansi penipeni, pansi pa choko ndi marejisitala, n'kutulutsa kabuku ka kusikelo. Ndinakaika pa tebulo pafupi ndi galasi la ahedi.

Ahedi anawerenga mokweza, poti sadziwa kuwerenga mwa njira ina. Dzina langa. Zaka makumi anayi ndi zisanu. Miyezi inayi.

Owerenga anga, nambala ija ndinkaitama inandigwetsa. Nditaona kuti masiku anga asiya kubwera, ndinawerengera zaka zanga, ndinapeza yankho lakuti ndaweruka monga ananenera ahedi, ndipo zolera ndinali nditasiya kale chaka chatha. Mseru ndinkati ndi mafuta ophikira. Kunenepa ndinkati ndi ulemerero wa udokotala. Lachinayi loti mawa lake ahedi atola kapepala kaja, ndinapita kuchipatala kukadandaula za m'mimba, ndipo ndinabwerako ndi kabuku. Nditafika kunyumba ndinakhala pa tebulo kulemba mafunso anga asanu. Nditamaliza lachisanu dzanja lamanzere silinaime, linalemba lachisanu ndi chimodzi, loona lokhalo pa onse amene ndinalembapo. Ndinamva amuna anga akulowa, ndinakokolola timapepala tonse n'kuponya m'chikwama, ndipo m'mawa ndinatikhuthulira m'bokosi osawerenga.

Amuna anga anakhala pansi, koma mpando unali utasunthidwa, ndiye anakhaladi pansi. Ali pomwepo anavula tepi pakhosi, anaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Masiketi atatu," anatero. "Ndakhala ndikukukulitsirani masiketi atatu mwakachetechete kuti musakhumudwe. Ine ndimayesa ndi mtendere wa pabanja."

"Ndi mtendere womwewo, achimwene," anatero mmodzi wa abambo a komiti, ndipo mnzake anatuluka panja kukatsokomola.

A Tcheya anayandikira n'kundisuzumira pakhosi. "Zikuonekadi," anatero. "Ndinaona tsiku lomwe lija, kungoti ulemu." Kenako anafunsa ndi mawu a tchalitchi aja, "Koma Madamu, si inu mumaphunzitsa ana za kudziteteza?"

"Ndine."

"Mutu umenewo munali musanafike?"

Alamu anga anangoti kuchikazi, monga ananenera. Ahedi anatenga kalata ya Chitsiriza n'kuing'amba, ndipo ndinaona kuti akuyang'ana mano a pong'ambikapo mwachizolowezi.

Onse ankaseka kapena kubisa kuseka, kupatula mmodzi. Chitsiriza anatenga juzi yake kwa abambo ake n'kuivala.

"Unkadziwa?" ndinamufunsa tili pakhonde.

"Kope langa linkaonda sabata iliyonse, Madamu. Ndipo kabukuko ndinakaona Lachisanu m'mawa, ndikufuna bolopeni yanga m'chikwama mwanu."

"Bwanji sunanene?"

"Sinali nkhani yanga," anatero, n'kulowa m'kalasi.

8

Tsiku lotsatira linali Lachisanu. Ndinaima kutsogolo kwa Fomu 3 ndi siketi yokulitsidwa, ndipo ndinawauza zonse, ngakhale anali atamva kale kudzera m'maluwa. Ndinawauza kuti mafunso onse anali anga. Ndinawauza kuti mnzawo ananamiziridwa chifukwa cha ine. Ndinawauza kuti mimba sifunsa zaka, sifunsa satifiketi, ndipo siopa mphunzitsi wa masamu.

Mnyamata wa kumbuyo uja anakweza dzanja. "Madamu, ndiye kuti munachulukitsa?"

Ulendo uno ndinaseka nawo mpaka misozi. Ndipo kwa nthawi yoyamba ndinatsegula buku lija pa tsamba loyamba n'kutchula chiwalo chilichonse ndi dzina lake, popanda x, popanda y. Munthu amene sukulu yonse yamuseka alibenso choti ateteze.

Ahedi anabwera okha kudzalonjeza kalasi kuti galasi labwerera ku labu ndipo bokosi silidzafufuzidwanso. Lachisanu linalo nditalinyamula ndinamva kulemera. Munali timapepala makumi atatu ndi kamodzi, zilembo zosiyanasiyana, ndipo mafunso ake sanali a ziphuphu. Ena anandichititsa kuseka, ena anandisowetsa mtendere, awiri anandipititsa kwa namwino uja kukapempha nzeru. Pa zaka zonsezi sindinkadziwa kuti ana amene ndimawapatsa masamu amasenza zotere.

Kamodzi sikanapindidwe n'komwe. Zilembo zake ndinazidziwa ndisanawerenge, poti ndine ndinagwira dzanja limenelo likuphunzira kulemba. Ndinafuna kukabweza pansi pa tinzake, koma ndinali nditabisa zokwanira. Ndinawerenga mokweza:

"Madamu, mumati tikakhala ndi vuto tiziuza munthu wamkulu amene timamukhulupirira. Nanga munthuyo akayamba kuwerenga kalendala?"

Kalasi sinamvetse, ena anaseka pang'ono. Chitsiriza anali kuyang'ana pa desiki.

"Amene walemba funso ili," ndinatero, "munthu wamkuluyo analakwa kwambiri. Anaopa kusekedwa, ndiye analola kuti mwana asekedwe m'malo mwake. Alibe chodzikanira. Akupepesa, ndipo adikira mpaka tsiku limene udzafune kumukhululukira."

Sanadzutse mutu. Belu linalira, anatuluka ndi anzake.

Inu amene mukuwerenga, makamaka makolo ndi aphunzitsi anzanga, sekani ndithu, nanenso ndimaseka. Mwanayo anabadwa, ndi wamwamuna, ndipo mdzukulu wanga amamunyamula malume ake pamiyendo. Alamu anati timutche Chitsiriza Weniweni, abambo ake anakana, akuti masamu a m'nyumba muno sawakhulupiriranso. Koma mukatha kuseka mudzifunse. Timawauza ana kuti asabise, pamene ife zathu tazikwirira pansi pa chikwama. Timawauza kuti abwere kwa ife, koma tsiku limene atiyang'ana pamaso pa anthu, maso athu amathawira kukhoma. Ine ndinkayesa chovuta pa phunziro lija ndi kutchula ziwalo. Ziwalo ndinazitchula tsiku limodzi. Chimene chinanditengera nthawi ndi china.

Chitsiriza ananditcha Madamu kunyumba kwa masabata asanu ndi awiri, ndinkawerenga. Mandimu sanasiye kudula, beseni sanasiye kutsuka, koma Madamu. Loweruka lina masana ndili pa benchi ya makasitomala, miyendo itatupa, abambo ake akukulitsa siketi yachisanu, anatulukira pakhomo ndi mbale yopanda kanthu.

"Amayi," anatero, "mandimu atha."

Ndinalira mpaka abambo ake anasiya makina n'kundipatsa chidutswa cha nsalu ya kasitomala kuti ndipukutire.